Kompyuta Inandipatsa Mwamuna wa Achemwali Anga

Owerenga okondedwa, dzina langa ndine Elenala, wa kwa Mwambo m'boma la Zomba. Mukafika padoko la Kachulu n'kufunsa za kompyuta ya pulojekiti ya nsomba, aliyense akuuzani kuti anali makina abodza omwe anasaukitsa doko lonse. Ndiyamba kukufotokozerani nkhaniyi monga mmene iwo amaidziwira. Zimene sadziwa ndikuuzani tikafika pakati pa ulendo, mtima ukalimba.

1

Kompyutayo inafika pa Kachulu m'chaka cha 1989, itakulungidwa m'mabulangete awiri kumbuyo kwa Landirova ngati wodwala wopita kuchipatala. Anaibweretsa ndi a Jameson Likoswe, mlangizi wa za nsomba, bambo woonda wa magalasi, wosadziwa nthabwala koma wodziwa madzi. Pulojekiti inawamangira kaofesi moyang'anana ndi mathandala oyanikapo matemba, n'kuika jenereta kuseri. Ine ndinali nditangomaliza kosi ya taipi ku Zomba, ndipo poti kwa Mwambo konse kunalibe mtsikana wina wogogoda mabatani ndi zala khumi, ntchito inandipeza ndili pakhomo.

Ntchito yanga inali kudyetsa makinawo manambala. A Jameson anali ndi mabuku akale a zaka makumi awiri ndi mphambu, olembamo kuya kwa madzi, mvula ya mwezi uliwonse, madengu a matemba ndi makumba otsika padoko, ngakhalenso mitengo ya nsomba ku Zomba, ku Songani ndi ku Limbe. Ankati makinawo akadya manambala okwanira amaphunzira, n'kuyamba kuona zakutsogolo zimene mutu wa munthu mmodzi sungazione. Ankatinso kunja akupanga ena oti aziganiza okha ngati munthu. Ine ndinkangoti inde bwana, mtima uli pa nthawi yoweruka.

Koma zipatso zinayamba kuoneka. Ulendo wina kompyuta inati ogulitsa matemba ouma asathamangire kumsika, adikire masabata asanu. Amene anamvera anachokera ku Limbe atavala nsapato zatsopano. Kenako inati makumba achuluka chakumpoto mvula ikangoleka, ndipo anachulukadi mpaka mathandala kuchepa. Mbiri inaoloka madzi kukafika pachilumba cha Chisi. Asodzi omwe ankalowa m'tchalitchi chipewa chili kumutu anayamba kuchivula podutsa pawindo la ofesi yathu. Dzina nalo linakula, inasanduka "aKompyuta". Mayi wina anabwera ndi nkhuku kudzathokoza, ndipo poti aKompyuta analibe mano, nkhukuyo ndinawadyera ndine.

2

Lachiwiri lililonse a Jameson ankakwera boti kukayeza madzi kuseri kwa Chisi, n'kubwerera dzuwa litapendeka. Tsiku limenelo ofesi inkakhala yanga, ndipo anthu anayamba kubwera ndi mafunso osakhudza nsomba. Wina wabedwa ukonde. Wina mwana wake walephera Sitandade 8 kachitatu. Wina sakudziwa kuti adzale mpunga wa faya kapena chimanga. Ine ndinkagogoda funsolo, makina osindikizira n'kulira kwa kanthawi, pepala n'kutuluka ndi yankho la zilembo zikuluzikulu. Mwiniwake ankalipinda mwaulemu n'kukalisunga m'Baibulo.

Kwathu tinabadwa awiri, achemwali anga a Rhoda ndi ine. Bambo anatisiya tili aang'ono, choncho mwini mbumba anali amalume athu a Grain, omwenso anali wapampando wa nthambi ya chipani padokopo. Amalume ankakonda chitukuko kuposa mmene ankachimvetsera. Anali ndi wotchi yomwe inafa kalekale, koma pamsonkhano ankaiyang'ana ndithu asanauze anthu kuti achedwa.

A Rhoda anasiyira sukulu Sitandade 5 n'kuyamba geni ya matemba. Anali amphamvu, apakamwa, ndipo ankadziwa kulemera kwa dengu pongolinyamula. Ndiwo anandilipirira kosi ya taipi ija, koma zimenezo masiku amenewo sindinkazikumbukira kawirikawiri.

Tsono kunabwera Dunstan Namakhwa, mwini maboti atatu, nyumba ya malata, munda wa mpunga ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi. Mano ake anali oyera ngati mpunga wopuntha kawiri. Anafunsira achemwali, ankhoswe anakumana, zonse zinalongosoka. Patangotsala kutchula tsiku la chinkhoswe, amalume analengeza kuti banja la wapampando silingamange ukwati mwachikale ngati anthu osaona chitukuko. Anati ayambe afunsa aKompyuta.

Linali Lachiwiri. Amalume analowa atavala jekete, kumbuyo kwawo a Rhoda, Dunstan ndi nkhoswe yake. Pawindo panadzaza mitu. Anandipatsa maina a awiriwo, zaka zobadwa ndi mpingo wawo. Ndinagogoda, makina analira, pepala linatuluka. Amalume anatsokomola n'kuwerenga mokweza:

"UKWATI UWU SUDZAKHALITSA. MWAMUNAYU AYANG'ANE M'NYUMBA YOMWEYO, MULI WINA WOMUYENERA."

Amalume anawerenganso kachiwiri, kenako anayamba kuwerenga zala.

"M'nyumba mwa mlongo wanga muli akazi atatu," anatero. "Rhoda makina amukana. Mayi awo, ndi msana uja, sizingatheke. Ndiye kuti watsala mmodzi."

Maso onse anagwera pa ine. Ndinaweramitsa mutu monga mtsikana woleredwa bwino. A Rhoda anatenga pepalalo, analiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kulibweza patebulo.

"Ngati anena aKompyuta, ife ndife yani," anatero, n'kutuluka kukatembenuza matemba awo.

Dunstan sanavute. Anauza nkhoswe yake kuti iye si munthu wotsutsana ndi sayansi. Tinakwatirana ku tchalitchi anthu atakolola mpunga wa 1990, ndipo amalume anauza oitanidwa kuti uwu unali ukwati woyamba m'boma lonse la Zomba kuyezedwa ndi magetsi.

3

Paukwati wanga a Rhoda ndiwo anayang'anira zophika. Amayi a mvano anawatama kuti ali ndi mtima wa Mkhristu weniweni. Koma mwambowo utangotha, pakamwa pawo panatseguka. Pathandala ankauza anzawo kuti bokosi lomwe silinapondepo m'madzi lisamaphunzitse anthu za nyanja. Anthu ankangotsinana. Aliyense ankadziwa chomwe chinkawawawa, kapena ankaganiza kuti akudziwa.

Ine ndinalowa m'nyumba ya malata. Mvula ikamagwa ndinkakhala pakati pa chipinda kumvetsera phokoso la padenga ngati wailesi. Amene ankanditcha mng'ono wa Rhoda anayamba kunditcha mayi Namakhwa. Dunstan ankagona kunyanja masiku awiri kapena atatu pa sabata, akuti kuyang'anira anyamata a makoka, ndipo ine ndinkanyadira kuti ndinapeza mwamuna wolimbikira ntchito.

Mvula ya 1991 inagwa yonyenga. Chakumapeto kwa chakacho achemwali anayamba kunena poyera kuti nyanja ikupita. Ankati madzi ayamba kuwawa mchere, njedza za m'mphepete zikuuma kuyambira kumizu, matemba akutuluka aang'ono ngati singano, ndipo amayi anawauza kuti mu 1968 zinayambanso chomwechi. Ankalangiza azimayi anzawo kuti asunge mbewu ya nyemba ndi chimanga, chifukwa posachedwa adzalima pamene pankayenda mabwato.

Amalume anawaitanitsa n'kuwachenjeza kuti kunena za kuphwa kwa nyanja pamene boma likubweretsa chitukuko ndi mphekesera, ndipo mphekesera zili ndi kwawo. A Rhoda anayankha kuti akauze madziwo, iwo angowaona. Padoko anthu ankaseka, n'kumati nsanje ya mwamuna yawalowa m'maso mpaka akuona nyanja ikuthawa.

Nthawi yomweyo Dunstan anandiuza maganizo ake. Ankafuna kugulitsa munda wa mpunga ndi ng'ombe zonse kuti agule boti lalikulu la injini, loyamba la mtundu wake pa Kachulu. Anati m'mbali mwake adzalembamo ndi utoto wofiira kuti MAYI ELENALA, kuti ngakhale a ku Chisi aziliwerenga likadali kutali. Chimene ankadikira chinali chimodzi: uthenga wa pachaka wa aKompyuta wonena za madzi.

4

Mwezi wa Novembala a Jameson anakhala masabata awiri pamakinawo, nkhope ili gwa, kubwereza manambala omwewo kangapo. Atangomaliza, kunabwera kalata yowaitanira ku kosi ya miyezi itatu ku Lilongwe. Anandisiyira zotsatira kuti ndisindikize, ndipereke kwa wapampando pamsonkhano wa asodzi, ndipo pepala lina ndimate pachitseko.

Msonkhano unachitika Loweruka m'mawa. Ayufi, achinyamata a chipani, anayamba ayendera makadi a umembala, kenako amalume anaimirira, anayang'ana wotchi yawo ija, n'kutambasula pepala.

"NYANJA SIDZAPHWA CHAKA CHAMAWA. ASODZI KONZEKANI."

Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Amuna anawomba m'manja, ndipo mitu yonse inatembenukira kumene kunakhala a Rhoda. Wina anawafunsa ngati mchere uja sanaulawe m'misozi yawo yomwe. Ine ndinali pampando wakutsogolo, mimba ya miyezi inayi ili m'diresi latsopano, ndipo sindinaseke mokweza. Ndinangomwetulira pang'ono, monga amachitira anthu ophunzira.

Anthu anakonzekadi. Wa mbuzi anagulitsa mbuzi n'kugula ukonde. Wa njinga anagulitsa njinga. Ena anasiya minda osalima chifukwa ankaona kuti khasu n'lotaya nthawi. Amalume nawo anagula makoka awiri, akuti mtsogoleri amayamba ndiye. Dunstan anagulitsa munda ndi ng'ombe, ndipo sabata ya Khirisimasi boti linafika pa lole. Dzina langa linali m'mbali monse muwiri. Tinalizungulitsa padoko katatu, injini ikubangula, ine nditakhala kutsogolo ndi ambulera.

Achemwali anagulitsa mathandala awo mwakachetechete, n'kugula makasu awiri ndi thumba la mbewu.

5

Mvula inaduka mu Januwale 1992 chimanga chikungomasula. Amene munaliona dzuwa la chaka chimenecho simufuna kukumbutsidwa. Pofika mu Marichi, pamene nyanja imayenera kukhala itadzaza, maboti ankaimikidwa patali ndi doko, anthu n'kumatsiriza ulendo m'matope.

A Jameson anabwerera mwezi womwewo. Ataona maukonde atsopano ali mbwee padoko, anapempha msonkhano. Anaimirira n'kunena mosapsatira kuti nyanja ikuphwa, kuti makina anaonetsa zimenezo kuyambira Novembala, ndipo aliyense amene angathe abweze ukonde n'kuthamangira kudimba. Amalume anatulutsa pepala lija m'jekete n'kulikweza m'mwamba.

"Makina akuti sidzaphwa, inu mukuti idzaphwa. Pepalali analitulutsa ndi mwana wa mlongo wanga. Kodi mukuti iyeyu ndi wabodza?"

A Jameson anandiyang'ana. Mimba inali itafika miyezi isanu ndi itatu, mapazi atatupa. Anavula magalasi, anawapukuta ndi shati, n'kuwavalanso.

"Ndikuti pepalalo ndi lolakwika," anatero.

Amalume analemba lipoti loti mlangizi wabwerera ku Lilongwe ndi mzimu wachilendo, akuopseza anthu ndi kunyoza chitukuko. Patapita masiku anayi kunabwera Landirova yopanda chizindikiro, muli amuna awiri a magalasi akuda. A Jameson anakwera ndi chikwama chawo chokha. Palibe anafunsa kumene akupita, chifukwa masiku amenewo funso lotero linkakupezera malo m'galimoto yomweyo.

Nyanja sinamve za lipotilo. Inapitiriza kubwerera m'mbuyo sabata ndi sabata, kusiya matope ong'aluka ndi fungo la nsomba zakufa. Pofika mu Seputembala, MAYI ELENALA anali atakhala pamtunda, atapendekera mbali imodzi, nkhuku za anthu zikuikiramo mazira.

Anthu anafuna woti amukwiyire, ndipo amalume anaona kuti akachedwa akwiyiridwa ndi iwo. Analamula ayufi kuti atulutse kompyutayo. Anaiika pathandala dzuwa lili paliwombo, anthu atazungulira, mlandu n'kuyamba. Amalume anaifunsa kuti inatumidwa ndi yani. Siinayankhe. Anaifunsa ngati ili ndi khadi la chipani. Siinayankhenso. Anati kukhala chete n'kuvomera, ndipo ayufi anaikwapula ndi nsungwi zopondera mabwato mpaka galasi linamwazika. Panalibe ndi mmodzi yemwe anakumbutsa anzake kuti panali munthu amene anawauza zoona mu Marichi.

Sabata yomweyo, masana ndikuyamwitsa mwana wanga pakhonde, ndinaona mayi akubwera kuchokera kunyanja, wapansi, mtolo pamutu, matope mpaka m'mawondo. Kumbuyo kwake kunali ana atatu, onse ndi makutu a Dunstan. Anatula mtolo pakhonde langa n'kupereka moni waulemu. Anati dzina lake ndi Maliyamu, wa ku Chisi, mkazi wa Dunstan kwa zaka zisanu ndi zinayi. Za ine anali atamva kalekale, koma bambo wa anawo analamula eni maboti onse kuti asamukweze.

"Amatilekanitsa ndi madzi, mayi," anatero. "Tsopano aphwa, ndiye ndati ndidzaone kumene kumapita nsomba za ana angawa."

Dunstan atamva kuti kunyumba kwafika alendo, sanadzawalonjere. Anatumiza uthenga woti wapita ku Mangochi kukafuna ganyu ya usodzi. Mpaka lero akufunabe.

Apa ndi pamene anthu a pa Kachulu amathera nkhaniyi. Amati makina ananamiza doko, ananamizanso mtsikana wosalakwa n'kumuponya m'manja mwa tambwali.

6

Tsono imvani zimene sadziwa.

Kompyuta ija sinkalemba Chichewa. Sinkadziwa za ukwati, za ukonde wobedwa kapena za mayeso a Sitandade 8. Inkangotulutsa manambala ndi mizere yokwera ndi kutsika, ndipo a Jameson ndiwo ankamasulira n'kulemba pamanja mawu oti ine nditaipe. Mayankho onse a Lachiwiri anali anga. Ndinkawatola pamjigo, kuchigayo ndi kukwaya, n'kuwavalika zilembo zikuluzikulu. Chomwe mayi wina akanandiuza pamjigo n'kutchedwa miseche, chikatuluka m'makina chinkatchedwa sayansi.

Pepala la ukwati ndinalitaipa Lolemba nthawi ya nkhomaliro, n'kulisunga m'makinamo. Lachiwiri lija ndinangodina batani. Ndinkafuna malata, ndinkafuna mano oyera aja, koma koposa zonse ndinali nditatopa kukhala mng'ono wa Rhoda, wodya za Rhoda, wophunzira ndi thukuta la Rhoda.

Limenelo ndi tchimo laling'ono. Lalikulu ndi ili. Kapepala komwe a Jameson anandisiyira popita ku Lilongwe kanali ndi mawu awa: "Nyanja idzaphwa chaka chamawa. Asodzi konzekani." Makina anali ataona zoona, miyezi yambiri zisanachitike, nthawi ikadalipo yoti anthu asunge mbuzi zawo ndi kulima minda. Ndinakataipa monga kanalili, n'kukhala ndikuyang'ana mawuwo pagalasi. Ndinaona achemwali ataimirira pamsonkhano, doko lonse likuvomereza kuti wa Sitandade 5 anaona zimene makina aona. Ndinaona boti la dzina langa likubwerera osafika. Ndinadziuza kuti nyanja ndi yaikulu, makina nawo amalakwitsa, ndipo mvula ili m'manja mwa Mulungu. Kenako ndinabweza kamzere kothwanima ka pagalasi kufika patsogolo pa "idzaphwa" n'kudina chilembo chimodzi. Amene munaphunzira taipi mukudziwa kuti "s" amadinidwa ndi chala chachinayi cha dzanja lamanzere, chomwe chimavala mphete.

M'mawa wa tsiku lomwe a Jameson anabwerera, msonkhano uja usanachitike, anamatula pepala pachitseko, analowa nalo muofesi n'kuliika patebulo langa.

"Mayi Namakhwa, ine ndinalemba kuti idzaphwa. Chilembo ichi chachokera kuti?"

Ndinati mwina makina anasokonezeka ndi kutentha.

"Makina awa salemba Chichewa," anatero motsitsa mawu. "Inu mukudziwa, ine ndikudziwa. Pamsonkhano muimirire munene kuti chala chinaterereka. Anthu akwiya tsiku limodzi, koma apulumutsa kanthu."

Ndinalonjeza kuti nditero. Pamsonkhanopo, amalume atafunsa ngati ndine wabodza, sindinaimirire. Ndinaganiza za mapepala onse a Lachiwiri ali m'Mabaibulo a anthu, ndi limodzi lija la ukwati. Ndinadziwa kuti chala chikaterereka kamodzi, anthu afunsa kuti chinaterereka kangati. Ndinakhala pansi, dzanja pamimba, n'kulola munthu wosalakwa akwere Landirova.

7

Njala itafika pachimake, ndinabereka mwana kumbuyo n'kupita kudimba la achemwali. Anali atalima pomwe kale pankaima maboti. Nyemba zinali zitayanga, chimanga chikufika m'chiuno, ndipo azimayi angapo omwe anawamvera anali ndi minda yawo moyandikana. Ndinawapeza akupalira. Ndinagwada pamzere n'kuyamba kufotokoza za pepala la ukwati, misozi ili chuchuchu.

Sanaleke n'kupalira komwe.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Unali ndi thukuta pamphuno ngati mmene unkachitira ukaba ndiwo mumphika."

Ndinafunsa chifukwa chomwe sanandiyalutsire. Anaimika khasu n'kuseka. Anati matemba ankakagula ku Chisi kuyambira ali mtsikana, ndipo za Maliyamu anazimva patangotha sabata ankhoswe atakumana. Anali kusowa njira yomukanira Dunstan popanda kuchititsa manyazi amalume, omwe anali atalengeza kale za ukwatiwo pamsonkhano wa chipani. Ndiye pepala langa linangowagwera ngati mvula.

"Bwanji simunandichenjeze, achemwali?"

"Unandifunsa? Iwe unali ndi aKompyuta."

Ndikanatha kulekera pomwepo, n'kulandira nyemba, n'kubwerera. Koma pakamwa panali patatseguka kale, ndipo ndinawauza za chilembo chija. Izi sankazidziwa. Kuseka kunatha. Anakhala pansi pamzere n'kuyang'ana kudoko, kumene maukonde ankaolera padzuwa. Anayamba kutchula maina mmodzimmodzi: uje anagulitsa mbuzi zake zonse, uje ana ake atupa miyendo, uje banja latha, uje anaika mwana sabata yatha. Pomaliza anatchula a Jameson.

"Za mwamuna ndinakukhululukira kalekale, unandizula minga," anatero. "Koma izi wokhululuka si ine."

Anadzuka, anathyola nyemba n'kudzaza nsalu yanga, anawonjezera maungu awiri, n'kunena kuti mwanayo alibe mlandu. Sanauze munthu aliyense mpaka lero. Sanandiitanenso kunyumba kwawo mpaka lero.

8

Tsopano ndimakhala ku Zomba. Ndili ndi taipi yakale pakhonde la sitolo ina, ndimalembera anthu makalata ofunsira ntchito. A Jameson anatuluka m'ndende patatha chaka ndi miyezi iwiri, ntchito itatha, tsitsi litayera. Ndinakumana nawo kamodzi pamsika. Ndinayembekeza kuti andilavulira. Anandipatsa moni, anafunsa dzina la mwana, n'kupitiriza ulendo wawo akutsimphina. Kulavulidwa kukanandipepukira.

Ndalemba izi chifukwa masiku ano pakamwa pa anthu payamba kumasuka, komanso chifukwa ndikumva kuti makina amenewa akulowa m'mabanki, m'zipatala ndi m'maofesi olemba anthu ntchito. Akuti akubwera ena ochenjera koposa, oti azidzasankha okha woyenera ndi wosayenera. Sindikuti muwakane. Aja a pa Kachulu anaona chilala ife tikuvina, ndipo akanapulumutsa doko lonse. Koma tsiku lina bwana akadzakuuzani kuti pepani, kompyuta yakukanani, musavule chipewa. Funsani kuti anaidyetsa ndani, anamasulira ndani, ndipo amene anakhala pamabatani anali ndi njala yanji. Munthu amene sangayerekeze kukunamizani m'maso amakunamizani mosavuta akabisala kuseri kwa galasi, ndipo zikavuta okwapulidwa amakhala makinawo.

Nyanja yayamba kubwerera pang'onopang'ono, koma mbuzi za anthu sizinabwerere, ndi manda aja sanafafanizike. Amalume akadali ndi jekete lawo, ndipo ndikumva kuti akuuza anthu kuti iwo anawakayikira makinawo kuyambira tsiku loyamba. Ine ndikapita kumudzi kukaona amayi, azimayi a padoko amandiimitsa panjira, omwewo amene anagulitsa mbuzi chifukwa cha chala changa. Amandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti pepani mayi, makina aja anakulakwirani kwambiri.

Ndipo ine, owerenga anzanga, ndimayankha kuti zikomo.